Mapepala Anga a Chinangwa ndi Matemba a Anjomba

Lolemba, 13 Janeiro

Mapepala anga onse olowa m'malo mwa jumbo auma, 18. Ndapangira amidu (sitachi) wa chinangwa, ulusi wa nthochi wosinja, madzi, ndi gilisirina yomwe timadzolayi. Gulu A gilisirina pang'ono, B pakatikati, C yambiri. A ndi olimba koma ukangopinda, thyo! C ofewa ngati nsalu yakale.

Defeza, mayeso oteteza kafukufuku wangayu, ku Lichinga pa 30, mapeto a zaka zinayi za sukulu. Purofesora anati ndibwere nawo mapepalawo, manambala okha sakwanira. Balansa yoyezera kulemera ndabwereka kwa mnzanga Zodiwa.

Lachitatu, 15 Janeiro

Mvula chiyambire dzulo. Chinyezi mpaka pamphasa. Ndayeza: A alemerako pang'ono chabe, B magawo 12 pa 100, C 31! Gilisirina imafewetsa pepala, inde, koma imakokanso madzi a mumpweya. Ndapachika chitini pa kachidutswa, n'kumathiramo mchenga. A waduka pa supuni 40, B pa 33, C pa 9 basi.

Abwera anjomba Umaru, mlongo wawo wa amayi, akununkha matemba a ku Chiuta. Kugwira C, kupinda, kukondwa. "Pulasitiki ndi iyi, zinazi ndi makoko." Ndawafotokozera katatu kuti ofewawo ndiwo osalimba. Akuti anayamba kumanga nsomba ine ndisanabadwe. Ngati kuti ndafunsa zaka zawo.

Lachisanu, 17 Janeiro

Pobwera kuchigayo, C palibe. Onse asanu ndi limodzi!

Amayi akuti anjomba atenga, akakulungire matemba a munthu wa ku Nampula wobwera pa sitima ku Entre Lagos. "Ndikanawakaniza bwanji?" Ndi pakamwa, amayi, pakamwa pomwepo! Masabata asanu ndikusinja, kusefa, kuphika, kuyanika. Kukhala mwini mbumba ndiye kuti ulinso mwini thukuta la munthu? Ndakalilira kuseri kwa bafa. Si chisoni ayi, mkwiyo.

Lamulungu, 19 Janeiro

Anjomba abwerako. Sitima inachedwa tsiku lathunthu, mvula osakata. Mapepala anamwa chinyezi, kumatirira ku matemba, kung'ambika m'manja mwa wogula. Anthu a pasiteshoni kuseka mpaka kugwira nthiti. Ndendende zimene ndinanena.

Koma wolakwa ndine tsopano. Akuti ndinawapatsa zowola kuti achite manyazi. Kuwapatsa! Ku Lichinga akuti sindipita, sukulu yophunzitsa mwana kunyoza akulu yakwana. Pokhapokha ndikagwade, ndipepese. Wondibera ndi iwowo, wopepesa ndikhale ine?

Lachiwiri, 21 Janeiro

Ndaphika C wina. Dzuwa kulibe, wangochita phala m'thireyi, m'mbali nkhungu. Ndataya.

Amayi sakundilankhula bwino. Mawu awo amodzimodzi: "Tausi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Zoona zake zikundiwawa. Popanda mawu a anjomba amayi sangandilole kukwera shapa, minibasi yathu ija, ndikuwadziwa. Zaka zinayi zithere pa matemba?

Lachinayi, 23 Janeiro

Ndapita. Amayi patsogolo, ine pambuyo, mpango kumutu. Ndagwada pamatope. "Pepani anjomba" watuluka ngati munga wa mlamba pakhosi. Ndiye ndapempha zotsala za C, ngakhale zong'ambika, ndikaonetse ku defeza.

Akuti anataya kukhola, mbuzi zinadya zonse. Mtima wanga phwii.

Kenako ayamba kukanda ndevu. Akuti masiku anayi akhala akuzonda mbuzizo, kudikira kuti zitupe mimba monga zimachitira zikadya jumbo. Palibe. Zikudumpha, zikubzikula, ina mkaka wawonjezeka. Za mkakazo ndi bodza.

"Pita ku Lichinga kwakoko," atero. "Koma apakati aja undisiyire, Loweruka ndili ndi wogula wina."

B wanga. Asanu ndi limodzi okha, gulu lokhalo lopindika popanda kuthyoka kapena kumata.

Ndili chigwadire ndati, "Ayi, anjomba. Amenewo ayi."

Amayi agwira pakamwa. Kenako anjomba atembenukira kwa amayi n'kufunsa kuti shapa ya ku Cuamba, kokwerera za ku Lichinga, imanyamuka nthawi yanji.