Ndani Atulutse Alamu

Lolemba, 17 Novembala

Amuchotsa Laurenti, kochi wathu. Komiti yakumana madzulo ano kuseri kwa shopu ya a Luckson, tcheyamani wathu, ndipo nkhani yatha tiyi asanazizire. Munthu amene anaichotsa Nguluwe FC m'fumbi la Zingwangwa n'kuilowetsa mu ligi yaikulu, lero wachotsedwa ngati waganyu.

Kwatsala magemu atatu. Tikufunika mapointi anayi kuti tisatuluke mu ligi. Tikatuluka, kampani yotithandiza inanena kale kuti ichoka, ndipo theka la anyamatawa libwerera kukapalasa kabaza.

Chimene chikundiwawa n'chakuti amuchotsa ndi mawu anga. Monga timu manejala ndinapempha kuyankhula. Ndinati kafukufuku amene ndawerenga wa maligi akunja amasonyeza kuti kusintha kochi sizoni ili mkati sikusintha zambiri, chimene chimakweza kapena kugwetsa timu kwenikweni ndi osewera amene uli nawo. Tanthauzo langa linali lakuti musiyeni munthuyu, vuto si iye. A Luckson anamvetsera bwinobwino akugwedeza mutu, kenako anatembenukira anzawo.

"Mwamva nokha. Aphunzitsi athu a masamu anena kuti kochi alibe ntchito. Nanga tikumusungiranji?"

Ndinayesa kukonza. Anali atayamba kale kuimika manja.

Salembanso wina. Akuti Ricky, kaputeni, aziyendetsa timu uku akusewera, popeza luso ndi limene limawina.

Lachiwiri, 18 Novembala

Laurenti sakuyankha foni.

Lachinayi, 20 Novembala

Ndinathawa kusukulu nditangomaliza kuphunzitsa Fomu 3 kukaonera tireningi. Palibe tireningi. Agawana matimu awiri n'kumamenya mpira ngati pa Khirisimasi. Zothamanga zija ankadana nazo, zobwerezabwereza kuima pa kona, zonse zapita ndi mwini wake. Anyamata akusangalala. Sindinawaonepo akuseka chonchi chaka chino, ndipo izi zandikwiyitsanso.

Ndisamunamizire Ricky. Mwanayo ali ndi mpira m'mapazi, pafupifupi theka la zigoli zathu ndi zake, ndipo palibe kochi anamuphunzitsa kutembenuka kuja. Anabadwa nako. Koma lero ndamumva akulankhula ndi Dominiko, difenda wathu wamkulu, nambala 5: "Alamu, mungasunthireko pang'ono kumanzere?" Mpira uli mkati, iye akupempha ngati akubwereka mchere. Anzake anagwa nazo ndi phwete.

N'zomveka. Dominiko ali ndi zaka 36, Ricky 24. Dominiko anakwatira Jennifer, mchemwali wake wa Ricky, ndipo ndi amene anamutenga mnyamatayo ku Nsanje, kumusunga ku Manje mpaka namondwe Freddy anakokolola nyumba yawo. Mpaka pano akukhalira limodzi pa lendi ku Chilobwe. Dominiko walengeza kuti sizoni ino ndi yomaliza.

Lamlungu, 23 Novembala

Tawina 2-0. Zonse Ricky.

Ndiyenera kusangalala, mapointi atatu ndi mapointi atatu. Koma tasewera ndi timu ya ku Mzuzu yomwe inatuluka kale mu ligi, yafika m'mawa womwe uno itagona m'basi, pa benchi anthu atatu okha. Timu imeneyi tikanaigonjetsa ngakhale ataiyendetsa Faith mkazi wanga, amene mpaka lero amafunsa kuti ofusayidi n'chiyani.

Palibe akufuna kumva zimenezo. A Luckson anandikumbatira pamaso pa anthu n'kunditchula Pulofesa. Masapota nawo aligwira dzinalo. Kondakitala wa minibasi ya ku Zingwangwa wakana kuti ndilipire, akuti Pulofesa anatipulumutsa kwa kochi wa manyaka uja. Ndinamuuza kuti gemu imodzi si umboni wa chilichonse. Anati eya, ndi mmene amayankhulira anthu ophunzira.

Ndikanakonda kutukwanidwa kusiyana ndi kutamandidwa pa chinthu chimene sindinanene.

Lachitatu, 26 Novembala

Ndinapita ku Naperi. Constance, mkazi wa Laurenti, ananditsegulira geti osandifunsa za kunyumba. Laurenti anali kuseri, akubzala chimanga pa kamunda kake, atavala jezi yakale ya timu. Sanaweramuke.

Anauzidwa kale za mawu anga aja. A Luckson pomupatsa uthenga anawonjezera kuti ngakhale mnzako Herbert wavomereza. Ndinamufotokozera zonse, mmene ndinanenera, mmene anazipotozera. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Zimene unanenazo n'zoona kapena zabodza?"

Ndinati n'zoona, malinga ndi zimene ndawerenga, koma...

"Ndiye wabwera kudzapepesa chiyani?"

Anapitiriza kubzala. Ndinaima pamenepo ngati mwana wochedwa pa asembule, kenako ndinatsanzika. Pobwerera ndinayenda wapansi mpaka ku Zingwangwa ndikukangana naye mumtima. Sindibweza mawu anga. Kafukufuku sakhala wabodza chifukwa chakuti tcheyamani wa shopu ya simenti wamumva chagada.

Loweruka, 29 Novembala

Lilongwe. Tagonja 3-0.

Mpaka ola lathunthu kunali 0-0 ndipo timasewera bwino. Kenako winga wawo anazindikira kuti Dominiko sakutembenuka. Zigoli zonse zitatu zadutsa mbali yake, chimodzimodzi, ngati akukopera pa bolodi. Ine pa benchi khadi losinthira osewera lili m'manja, ndikudikira chizindikiro kwa Ricky. Chizindikiro chinabwera: atuluke winga wathu, amene sanalakwe kanthu.

M'basi a Luckson amati refa anadya. Refa sanadye kalikonse. Dedza yonse mpaka Ntcheu ndinangotseka maso kuti wina asandiyankhule.

Tsopano zatsala poyera. Loweruka likubwerali, pakhomo, tikangolepherana tatsala. Tikagonja tapita.

Lamlungu, 30 Novembala

Titachoka ku Misa ndinakhala pakhonde kuonera magemu amene ndakhala ndikujambula pa foni sizoni yonse. Ndimafuna kuona ngati dzulo linali tsiku loipa chabe.

Silinali. Nthawi ya Laurenti, Dominiko samamaliza gemu kawirikawiri. Likangokwana ola, Laurenti amamutulutsa n'kulowetsa difenda wina, Yohane. Pa vidiyo zikuoneka bwino: chipande choyamba Dominiko ndi difenda wabwino kuposa aliyense amene tili naye, amawerenga mpira usanafike. Likadutsa ola bondo lamanja limayamba kukoka. Makhadi onsewo ndinkalemba ndine, ndi dzanja langali, osafunsa chifukwa. Ndimakumbuka masapota akumutukwana Laurenti nthawi iliyonse, Dominiko osamuyankhula mpaka Lachiwiri, Jennifer kumudutsa kutchalitchi osapereka moni. Laurenti amangomeza, Loweruka lotsatira n'kuchitanso.

Ndabwereranso ku zimene ndinawerenga zija. Amayeza malipiro, mapointi, zigoli. Sindinapezemo pamene ayeza kuti ndani angauze mlamu wake wamkulu kuti khalani pansi. Sikuti analakwitsa. Kwawoko mwina funso limenelo kulibe.

Lachiwiri, 2 Disembala

Ndamukokera pambali Ricky tireningi itatha. Ndimati ndimuonetse vidiyo, anakana kuyang'ana. Akudziwa. Akuti ku Lilongwe anaona zonse kuyambira chigoli choyamba.

"A Herbert, ndimadya m'nyumba mwawo. Nsapato zanga zoyamba anagula ndi iwo. Mukufuna ndiwakwezere bolodi yowatulutsa m'bwalo pamaso pa achemwali anga?"

Ndinati ndi ntchito imene anavomera. Anati sanavomere, anangouzidwa, ndipo amene anayambitsa zoti timu ikhoza kuyenda popanda kochi si iye. 

Ndinapita kwa a Luckson. Ndinawapempha kuti Laurenti abwerere gemu imodzi yokha. Akuti tingaoneke ngati ana. Ndinawafotokozera za bondo. Anandionetsa katoni ya matisheti amene asindikiza, nkhope ya Dominiko kutsogolo, kumbuyo nambala 5. Loweruka ndi gemu yotsanzikana naye, abale ake akubwera pa lole kuchokera ku Nsanje, asewera mpaka wezulo yomaliza ndipo masapota adzamunyamula. Ndinafunsa ngati adzamunyamule kupita naye ku ligi yaing'ono. Anati Pulofesa musamaganize kwambiri, mudzadwala.

Anthu awa akonzeka kugwetsa timu kuti phwando lisasokonekere.

Lachinayi, 4 Disembala

Ndayesa mwini wake. Ndinamupeza Dominiko akumanga bandeji pa bondo lomwelo. Ndinayamba mwaulemu, ndinamuyamikira za chipande choyamba, zomwe n'zoona. Ndinapempha kuti Loweruka likakwana ola adzakweze yekha dzanja, atuluke anthu akumuombera m'manja.

Anamaliza kumanga, osafulumira. Akuti bondo lili bwino, Laurenti ndi amene anali ndi mantha. Kenako anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Aphunzitsi, munaseweraponso mpira inu?"

Sindinasewerepo, kupatula wa mapepala ku pulayimale. Iye akudziwa. Ndiye bondo lake lichira chifukwa ine sindinasewerepo?

Faith akuti ndisiye, si timu ya bambo anga. Akuti ndakhala ndikuyankhula ndekha posamba.

Lachisanu, 5 Disembala

Mvula tsiku lonse. Bwalo likhala lolemera mawa. Bondo lija silifika n'komwe pa ola.

Loweruka, 6 Disembala

1-1. Tatsala mu ligi.

Ndilembe mmene zayendera ndisanayambe kumva mmene ena azikambira.

Sitediyamu inadzaza, matisheti aja paliponse, a ku Nsanje ndi ng'oma zawo kumbuyo kwa benchi yathu, Jennifer pakati pawo. Ricky anagoletsa chipande choyamba, chigoli chimene palibe munthu angaphunzitse mnzake: anadutsa awiri m'matope, goloboyi n'kumugoneka. Dominiko anasewera ngati mnyamata. Pa hafu ndinamuyang'ana Ricky, anayang'ana kumbali.

Chipande chachiwiri chitangoyamba pang'ono ndinaona kukoka kuja. Kochi wa anzathuwo anakuonanso, anasamutsira winga wake wothamanga mbali ya Dominiko. Ulendo woyamba anamudutsa, mpira unamenya chitsulo. Ulendo wachiwiri goloboyi wathu anaugwira ndi mapazi. Ndinaimirira n'kumukuwira Ricky. Anandimva. Anatembenuka n'kupita kutsogolo.

Ndinalemba khadi. Atuluke 5, alowe 14. Yohane nditamuuza kuti avule bibu ya pa benchi alowe, anandifunsa kuti wanena ndani. Ndinati ndanena ine. Refa wapambali safunsa kuti walamula ndani, amangofuna khadi lochokera ku benchi.

Bolodi itakwera, ng'oma zinasiya. Dominiko anaiyang'ana, n'kuyang'ana Ricky. Malamulo ndimawadziwa: wosewera akakana kutuluka, refa samukakamiza, mpira umapitirira. Akanakana, ndikanatsala nditaima pamzere ndi Yohane ngati zitsiru ziwiri. Ricky anali atagwada, akumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke. Anachimanga nthawi yaitali. Dominiko anayamba kuyenda.

Sanadzere ku benchi. Anandidutsa pafupi kwambiri moti ndinamva fungo la mankhwala opaka pa bondo, n'kulowa m'chipinda chovalira. Pamenepo m'pamene zinayamba kugwa: mabotolo, zitsononkho, mapepala a madzi. Wina kumbuyo amakuwa mobwerezabwereza kuti wamasamu iwe, bwerera ku choko. Mawu a Jennifer ndinawazindikira pakati pa onsewo. Zimene ananena sindilemba.

Yohane anamugwira winga uja kawiri, bwinobwino, malo amene Dominiko sakanafika. Koma kutatsala pang'ono kuti ithe anzathuwo anatibwezera chigoli ndi mutu pa kona, ndipo amene anadumpha mochedwa ndi Yohane yemweyo. Dominiko ndi wamtali, mipira yotere ndi chakudya chake. Ndiye kaya ndapulumutsa timu, kaya ndinangotsala pang'ono kuipha, sindingathe kutsimikiza. Gemu imodzi. Ndaonera vidiyo kawiri, sikundiuza.

Wezulo italira masapota analowa m'bwalo kufuna womunyamula, koma Dominiko anali atachoka kale ndi a kwawo. Ananyamula Ricky. A Luckson anandidutsa ndi katoni ya matisheti otsala osandiyang'ana. Apolisi awiri anandiperekeza mpaka pa kosita yathu.

Anyamata anali atakwera kale, akuimba kumbuyo. Nditalowa nyimbo inatsika. Ndimakhala pakati nthawi zonse, pafupi ndi zikwama za mipira, koma lero pampando wangawo panali chikwama, ndipo mwini wake amayang'ana pawindo. Ahmadi, dalaivala wathu, anachotsa jekete lake pampando wakutsogolo, wa munthu mmodzi uja wapafupi ndi chitseko, umene ankakhalapo Laurenti.

"Khalani kuno, a kochi."

Ndinamuuza kuti ine si kochi. Anangoliza injini. Ndinayang'ananso kumbuyo. Palibe anasuntha. Ndinakhala kutsogolo.