Madzi Kaye, Mafuta Pambuyo

Lachitatu, 16 Okutobala

Okondedwa alamu,

Khalani pansi musanawerenge, ndipo ngati pali mphika pamoto muyambe mwauphula, chifukwa nkhani ndili nayoyi ndi yaitali ndipo ine mukundidziwa, sindithamanga. Dzanja langa linazolowera pensulo ya pathabwa, ndiye zilembo zikapendama mungozipirira. Koma mtima wanga lero ukuvina, alamu. Ndikanakhala ndi mawondo akale, bwenzi nditabwera ndekha wapansi kudzakuuzani pamaso.

Ndiyambe ndi tchimo langa. Miyezi isanu yonseyi ndakhala ndikukunamizani pafoni. Tsiku lina ndinkati akulu anu akusamba, lina agona, lina apita kumsika. Inu munafika pondifunsa kuti kodi mkazi ameneyu wasanduka nsomba, kusamba kosatha? Ndinaseka nanu, koma nditaika foni ndinakhala pabenchi nthawi yaitali osadzuka. Zoona zake ndi izi. Mwezi wa Meyi akulu anu anagwa kukhitchini, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo unalemera, lilime nalonso. Musalire, werengani kaye. Pano akuyenda ndi ndodo mpaka pakhomo, ndipo mawu akutuluka, ngakhale amatuluka limodzilimodzi.

Chimene chinawapweteka koposa si mwendo ayi, ndi tsitsi. Inu ndi amene munkawaluka kuyambira muli atsikana, mukudziwa mmene ankalinyadira. Ndi dzanja limodzi sakanatha kulipesa, ndipo sankalola munthu aliyense kuligwira. Anamanga duku usana ndi usiku, galasi la kuchipinda anandiuza kuti ndilitembenuzire kukhoma, alendo tinkawabwezera pakhomo. Za inu ndiye anandilumbiritsa. Anati mng'ono wawo asawaone chonchi, ndipo ndikangokuuzani asiya kudya. Nanga ine ndikanatani?

Sabata ziwiri zapitazo, ndikuwasambitsa, duku lija linagwa. Alamu, tsitsi linali litamangana ngati chisa cha mbalame, louma, pakhungu pali mfundu mbuu. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti ndikatenge sizasi ndimete lonse. Ine ndinadziwa kuti tsitsilo likapita, duku silidzachokanso pamutu, ndipo inu mudzaitanidwa tsiku la maliro basi. Ndinanama kuti sizasi yabuntha.

Ndinaganiza ngati kalipentala. Zaka makumi asanu ndakhala ndikudzutsa matebulo ouma, ndipo mankhwala ake ndi mafuta. Ndinakagula botolo la mafuta a nsatsi n'kuwathira pamutupo monga ndimathirira pathabwa, mowolowa manja, masiku atatu otsatizana. Mtsamiro unada bii, fumbi lonse la m'nyumba linasamukira pamutu pawo, koma tsitsi lili gwa ngati waya. Chipeso chinathyoka mano anayi. Akulu anu anangoti ndinole sizasi ija, n'kutembenukira kukhoma.

M'mawa mwake ndinavala jekete n'kupita ku saluni ya pakona, yoyandikana ndi wosoka nsapato. Nditangovula chipewa, amayi onse anali mmenemo anafa nalo phwete. Mwini saluniyo, mayi wa mawu ngati belu, anayang'anitsitsa dazi langa n'kufunsa kuti agogo, tiyambire mbali iti kuluka? Wina anati mwina ndabwera kudzapukutitsa. Ndinawasiya aseke mpaka akhute, kenako ndinafotokoza. Mayiyo anati apite yekha akawaone, ine ndinati sizingatheke, pakhomo pathu sipalowa maso. Ndiye anandikhazika pampando n'kundiikira kutsogolo mutu wa chidole umene amaphunzitsira oyamba kumene ntchito.

Atamva mmene ndinachitira anagwira pakamwa. Anati tsitsi limayamba lamwa madzi, mafuta amabwera pambuyo. Apo ndinakana kwamtuwagalu. Ndinamuuza kuti palibe mmisiri amene amanyowetsa thabwa kenako n'kulipaka mafuta, chifukwa limafufuma n'kupindika.

"Agogo," anatero mayiyo, "akazi anu si chitseko. Mafuta samwetsa tsitsi, amangotsekera madzi amene lamwa kuti asathawe. Inu munatseka khola mbuzi zili kunja."

Amayi aja anasekanso, nanenso ndinaseka, paja safunsa anadya phula. Anandiphunzitsa masiku awiri. Anati mafuta a nsatsi ndi olemera, ndiziwasakaniza ndi a kokonati, timadontho tochepa tokha, ndiziyamba ndawafunditsa m'manja. Anati ndiyese kaye pamkono ndione ngati sakuyabwa. Chipeso chizidikira, zala ziziyamba, ndipo ndiziyambira kunsonga kutsikira kumizu, osati monga ndinkazulira ine. Pakhungu anandisankhira a mapeyala, opaka munthu akangotuluka m'madzi thupi lisanaume.

Kunyumba ndinapempha sabata imodzi. Ndinati ikatha tsitsi likadali chomwecho, sizasi ndinola ndekha osadikira kuuzidwa. Anavomera ndi mutu.

Tinkakhala pawindo m'mawa dzuwa likamalowa m'chipinda, iwo pampando, ine kumbuyo kwawo ndi kabotolo kopopera madzi ofunda. Ndinkatenga kagawo kakang'ono, kupopera, kudikira, kudontheza mafuta, kenako kumasula ndi zala pang'onopang'ono. Zala zangazi ndi zokhakhala, mukuzidziwa, ndiye ndinayamba ndazipala ndi sandipepa kuti zisamakole. Tsiku lachitatu akulu anu anati ndikukoka ngati ndikuzula msomali, ndipo ine ndinakondwa koopsa, chifukwa munthu amene wayamba kukalipa ndiye kuti moyo wayamba kumukomera. Sindibisa, mfundo imodzi ya kunkhongo inandikanika, ndinaidula. Tsitsi lina linathothoka lokha. Koma lambiri lilipo, alamu, lilipo ndithu, laimvi, lofewa ngati thonje. Miyendo yawo, imene inali yotuwa, pano ikuwala, mpaka ndimachita nayo nsanje.

Dzulo ndilo linali tsiku lomaliza. Chipeso chinadutsa kuchokera pakhungu mpaka kunsonga osakodwa paliponse. Ndinalimba mtima n'kuluka mizere inayi monga ndinkachitira pachidole paja. Ndikupukuta m'manja ndinamva akuti ndibweretse galasi. Ndinalichotsa pamsomali n'kuligwira patsogolo pawo. Anayang'ana nthawi yaitali, akutembenuza mutu uku ndi uku.

"Bambo," anatero, mawu akubwera limodzilimodzi, "mizere iyi ngati njira ya woledzera."

Ndinavomera kuti ndi zoona.

"Muitaneni mng'ono wanga. Adzakonze manyaziwa."

Alamu, ndinakhala pansi pomwepo, galasi lili pamiyendo, n'kuseka mpaka misozi mbwembwembwe. Masana anatuluka n'kukhala pakhonde mutu uli pamtunda, mizere yokhota yomweyo. Mayi woyandikana nafe anawapatsa moni pampanda, iwo n'kuyankha.

Ndiye bwerani. Musadikire kutha kwa mwezi kapena kuti ana atsekere sukulu. Mubwere ndi chipeso chanu cha mano akuluakulu, chathuchi ndi chogweluka. Mukafika musalire pakhomo. Pakamwa pawo panapendama pang'ono, koma muzolowera msanga. Akamayankhula musamawamalizire mawu, amakwiya nazo, adikireni afike okha. Zondikalipira ine chifukwa cha bodza lija ndikudziwa kuti zilipo zodzaza dengu. Mudzandikalipirire kuseri kwa shedi yanga, ndidzaima chilili chipewa chili m'manja mpaka mutatopa.

Mupereke moni kwa abambo a kunyumbako ndi ana onse. Kalatayi ndawawerengera akulu anu yonse, ndipo akuti mawu a woledzerawo ndisachotse. Ndinawafunsa moni woti ndikulembereni, anati moni wawo salemberedwa ndi munthu. Cholembera sangachigwire, ndiye aviika chala chachikulu cha kumanzere m'mafuta n'kudinda pansipa. Banga mukulionalo musaliyese uve wanga. Ndi akulu anu amenewo, akuti fulumirani.

Ine mlamu wanu,
Wadazi uja