Masewera Amene Agogo Anaonera

Springburn, Glasgow
21 Sepitembala 2024

Okondedwa achimwene a Reuben,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Balakako. Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwayamba kale. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni abambo amakhala pambali panu makutu ali tcheru, pomwe nkhani iyi ndikufuna muyambe mwaimva nokha.

Paja mukudziwa kuti mwana wanga Tisunge amasewera mpira wa ku Australia, uja wooneka ngati papaya, womwe amauwakha ndi manja n'kumathamanga nawo. Chaka chino wasewera moti ngakhale ine, amene ndinkati masewerawa ndi ndewu yovala yunifolomu, mawu anandithera ndi kuchemerera. Ligi yawo imapereka mphoto kwa wosewera wachinyamata woposa onse, ndipo woipata amapita ku Melbourne miyezi itatu kukasulidwa. Aliyense ankati ndi ya Tisunge. Pakamwa panga mumapadziwa: ndinauza abambo, nawonso anauza mpingo wonse.

Achimwene, mphotoyo sailandira.

Malamulo ake ndi atatu. Munthu akhale asanakwanitse zaka 21 pa 1 Januwale, ndipo asaimitsidwe chifukwa chosewera mwankhanza. Apa mwanayu alibe banga. Lachitatu ndilo latipweteka: chaka chisanayambe, akhale atasewera m'timu ya akuluakulu masewera osapitirira khumi. Tisunge anasewera khumi ndi amodzi.

Owonjezerawo ndi aja a chaka chatha, abambo atabwera kudzationa. Tisunge anali atabinya mwendo, ndipo mphunzitsi wawo, Kyle, anali atamuuza kuti apume mpaka chaka chino. Koma abambo ankanyamuka Lolemba, ndiye anati, "Ine ndikwere ndege osamuona mdzukulu wanga akumenya chikopa?" Loweruka mwana anamanga mwendo, nakapempha kuti alowe mphindi zochepa zomaliza. Mvula inali ikugwa. Atangodumpha n'kuwakha mpira, abambo, paja anaimbira mpira m'masukulu zaka zambiri, anadzambatuka ambulera ili m'mwamba: "Hendibolo! Refa, wagwira ndi manja!" Kumuneneza mdzukulu wawo yemwe! Anthu anaseka mpaka misozi. Titawafotokozera kuti mpirawu ndi momwe umaseweredwera, anachemerera kuposa bwalo lonse.

Uthenga woti mphotoyo salandira utafika sabata yatha, mtima unandiwira. Ndinakwera basi mpaka ku Maryhill komwe amachitira zokonzekera. Ndinauza Kyle kuti mphindi zochepa zija si masewera, palibenso akuzikumbukira, angonena kuti mwanayu anavala yunifolomu koma sanalowe m'bwalo. Inde, ine mayi wa Mvano, ndinapempha mwana wa eni kuti aname. Kyle anangoyang'ana pansi. Sindinadziwe kuti Tisunge waima kumbuyo kwanga, matope ali m'maondo.

"Naw, Mum," anandikaniza Tisunge m'Chingerezi cha kuno. Kenaka anasinthira ku Chichewa chake chopindika chija kuti Kyle asamve. "Mukafufuta gemu ija, ndiye kuti agogo sanandione."

"Mwana iwe, ku Melbourne! Ukudziwa chimene ukutaya?"

"Ndinkadziwa tsiku lomwe lija. Kyle anandiuza ndisanalowe."

Chaka chonse ine ndikulengeza za mphoto kutchalitchi ndi kuntchito, mwanayu ankangondiyang'ana, akudziwa. Akuti ankaopa kuti ndikamva ndiwauza agogo ake, ndipo pamenepo sanalakwe. M'basi pobwerera ndinalira, manyazi ndi kunyada zitandigwira pamodzi. Iye anandipatsa tishu n'kumayang'ana pawindo, koma ndinaona kuti nayenso maso anali atafiira. Ulendowo ankaufuna, achimwene, asakunamizeni.

Munandiuza mwezi watha kuti shuga wawathera maso abambo, kuti tsopano akungoona zithunzithunzi. Ndiye kuti masewera aja ndi okhawo amene anaonera, ndipo ena sadzawaonanso. Ndikaganiza zimenezi, ndimaleka kukangana ndi malamulo.

Pempho langa ndi ili. Akafunsanso kuti chikho chafika liti, muwauze kuti malamulo sanalole, basi. Za Loweruka lija musatchule, angadziimbe mlandu. Mayi Fanny akumpingo kwathu akubwera kumudzi mwezi wamawa, ndawapatsira mankhwala a abambo ndi jezi imene Tisunge anavala tsiku limenelo. Matope ena anakana kuchoka. Muwapatse m'manja aikhudze.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Towera ndi Elliot. Abambo muwauze kuti ndimawapempherera tsiku lililonse. Tisunge akuti moni wake muwapatse mokweza, kukhutu lawo labwino lija: akugwirabe mpira ndi manja, ndipo mu Scotland monse muno palibe refa amene anamugwirapo kupatula iwo.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Maness