Theka la Labu ya Bambo Ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Kodi chifuwa chija chinatha? Nanga jekete lija ndinakusokera ukumalivala, kapena unalikankhira pansi pa bedi poona kuti anzako alibe lotero? Kuno tili bwino, kupatula bondo langali lomwe layamba kukangana ndi makina osokera.

Tsopano khala pansi, chifukwa nkhani ndili nayoyi si yowerenga uli chiimire. Bambo ako adziwa.

Usafulumire kundiloza chala, si ine. Ndakhala nditatseka pakamwa kuyambira tsiku lija unandiimbira n'kundiuza kuti wasiya fizikisi, walowa maphunziro a makompyuta. Unati kumeneko zoyezayeza zonse za mu labu zimadzera pa kompyuta, ndipo unapeza kuti mtima wako uli pa kulemba mapulogalamu owerengetsera, osati pa zoyezazo. Unati anzako akamathawa ntchito imeneyo, iwe umaiwala ndi kudya komwe. Zambiri sindinazimve, koma mawu ako ndinawamva. Unkalankhula ngati munthu amene wavula nsapato yothina.

Unandipempha kuti ndisawauze mpaka utapeza mawu oyenera. Mawuwo ukuwasakabe mpaka lero, ndipo foni umaimba nthawi imene ukudziwa kuti iwo ali m'kalasi. Usaganize kuti sindinazione. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwana wanga.

Iwe uli mkati mosaka mawu, kuno bambo ako anali pa nkhondo. Kusukulu kwawo kunabwera makompyuta, ndipo ahedi anasowa powaika. Anati labu ya fizikisi ndi yaikulu, igawidwe pakati, mbali ina ikhale ya makompyuta. Bambo ako anakanitsitsa. Anati makompyuta ndi zidole za anthu aulesi kuganiza. Mphunzitsi watsopano amene anabwera kudzawaphunzitsa, munthu waulemu wake, anamupatsa dzina loti Wamabatani. Kiyi wa labu anayamba kuyenda naye m'thumba ngakhale tsiku lopuma, makompyuta aja n'kumangokhala m'makatoni mu ofesi ya ahedi.

Pa msonkhano wa aphunzitsi anaimirira n'kunena kuti chipindacho akusungira mwana wawo amene ali kunja kukaphunzira fizikisi yeniyeni, ndipo akadzabwera adzapeza benchi iliyonse ili pamalo pake. Pobwera kunyumba ankandifotokozera zimenezi monyadira, ine n'kumangosoka, mutu uli pansi. Tsiku lina ndinachita kusokera thumba la buluku la kasitomala chadodolido.

Ndiye sabata yathayi, nthawi ya tiyi, Wamabatani analowa m'chipinda cha aphunzitsi foni ili m'manja, akumwetulira. Anali ataona chithunzi chako pa tsamba la pa intaneti la yunivesite yanu, uli pakati pa ophunzira a makompyuta amene anapambana mpikisano. Analibe mtima woipa ayi. Iye ankayesa kuti wapeza polowera kuti agwirizane. Anawagwira chanza bambo ako aliyense akuona, n'kunena kuti sankadziwa kuti akulimbana ndi bambo ake a katswiri.

Akuti bambo ako anavala magalasi, anayang'anitsitsa, n'kubweza foni ija kwa mwini wake. Anati inde, akudziwa. Anamaliza tiyi wawo, analowa m'kalasi, n'kuphunzitsa mpaka belu litalira.

Ataweruka sanapite kunyumba. Anabwera ku shopu kuno, chinthu chimene sachita. Anaima pakhomo, choko chili mbuu pa malaya.

"Mayi, inu mumadziwa?"

Ndinati eya.

Ndinkayembekeza mkokomo, ndipo mayankho ndinali nditawanola kale, pakamwa pangapa ukupadziwa. Koma iwo anangokhala pa mpando wa makasitomala, n'kutola kachidutswa ka nsalu pansi, n'kumakapindapinda. Kenako anati:

"Zoti wasiya fizikisi ndingathe kuzimeza. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ana a eni ake amabwera kwa ine kudzandiuza zimene akulephera kuuza makolo awo. Wanga yekha ndiye wandiopa. Ndinamutani?"

Sindinawanyengerere. Ndinawafunsa kuti mwana akanayambira pati, pamene chinthu chimene iye wachikonda iwo amachinyoza pamaso pa anthu. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndinawakwiyira, ndipo nawenso ndinakukwiyira, chifukwa manyazi amene anachita pakati pa anzawo aja sanali owayenera. Ndinatseka shopu dzuwa likadalipo, tinabwerera kunyumba limodzi.

M'mawa mwake anakapereka kiyi kwa ahedi. Mabenchi anawasuntha okha, ana atafuna kuthandiza anawabweza. Zipangizo zawo zija, mawaya, masikelo ndi magalasi, anaziunjika mbali imodzi kuti makompyuta apeze malo. Aphunzitsi ena akuti ankaseka cham'mbali kuti nkhondo yatha popanda mfuti. Iwo anabwera kunyumba msana utagwira, ndinachita kuwathowa ndi madzi otentha, osadandaula ngakhale pang'ono.

Chimene ndikuuze tsopanochi anandiletsa, koma zinsinsi za m'nyumba muno zanditopetsa. Bambo ako ayamba kuphunzira kompyuta. Ana akaweruka, iwo amatsalira, Wamabatani n'kumawaphunzitsa. Dzina lija analisiya, tsopano amati "aphunzitsi". Ndinadutsako tsiku lina n'kuwaonera pa windo, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, akusakasaka zilembo ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira. Ndinafuna kuseka, koma misozi ndi imene inatsogola.

Dzulo anabwera akuwala nkhope. Akuti analemba kapulogalamu kowerengetsera nthawi imene mwala umatenga kuti ugwe pansi, ndipo kanawapatsa yankho lofanana ndi la pa bolodi. Anandifotokozera kawiri konse, ine n'kumavomera ngati ndikumva. Kenako ananditsina khutu.

"Mukamamulembera musanene zimenezi. Ndikufuna akadzaimba ndidzakhale ndi funso lanzeru lomufunsa, asadzaone ngati bambo ake ndi mbuli."

Wamva? Akuti ukadzaimba. Iwo saimba, ukuwadziwa, khosi lawo silipindika kawiri pa mwezi umodzi. Koma foni yawo, yomwe kale inkaiwalika m'thumba la jekete, tsopano imakhala pa tebulo pambali pa mbale. Ikangolira amaithamangira, akaona kuti si iwe amayankha mwaulesi.

Choncho ndikukupempha, mwana wanga, imba. Usaimbire ine, uimbire iwo. Za makompyutazo usapepese, sunabe kanthu, ndipo ine ndikunyadira nawe. Upepese za kukhala chete kokhako, ndi pamene pali bala.

Pali chinanso. Funso lawo lija alipeza kale, ndawamva akulibwereza uku akumeta ndevu. Ine sindidziwa za zinthu zanuzi, koma ndikukayikira kuti kwa iwe ndi la ana oyamba kumene. Akakufunsa usayankhe msanga. Ukhale kaye chete, unene kuti limeneli ndi funso ndithu, uchite ngati ukuganiza. Uli wamng'ono unkawafunsa chifukwa chake mwezi umatitsatira tikamayenda, ndipo yankho ankalidziwa bwino lomwe, koma ankayamba akanda kaye m'mutu kuti iwe udzimve kuti wafunsa chinthu chachikulu. Uwachitire chimodzimodzi.

Mulungu akusunge, akupatse nzeru ndi mtima wolimba. Undiperekere moni kwa mnzako wogona naye chipinda uja, umuuze kuti ndikuthokoza pokusamala udwala. Azakhali ako akupereka moni.

Ndine,
Mayi ako