Amayi ndi Mankhwala Ogonekera Agalu

Okondedwa Amalume,

Landirani moni wa tonse kuno. Ndikhulupirira ziweto za anthu zikukupatsani mpata wopuma.

Nkhani ndi ya achemwali anu. Mukudziwa kuti thupi lawo limakangana ndi chilichonse, kaya sopo, kaya mafuta onunkhira, kenako zidzolo ndi ululu wosatha. Tsopano adokotala ayamba kuwapatsa ketamini, pang'ono zedi, kudzera m'diripi, namwino ali pambali.

Ine ndi kasukulu kangaka ndinakumbukira kuti awa ndi mankhwala amene inu mumagonekera agalu musanawachite opaleshoni. Ndinaulula pomwepo, ndikuyesa achita mantha. Amayi anangotambasula mkono n'kuuza namwino kuti, "Baya mwanangu. Agalu a achimwene sanabwerepo kudzadandaula." Namwinoyo anaseka mpaka thonje kugwa.

Amalume, amayiwa ndi olimba mtima. Ine ndikaona singano ndimayang'ana kudenga, iwo amayang'anitsitsa ngati akuyendera ntchito. Dzulo anasita okha zovala ataimirira, ndipo nditafuna kuwathandiza anandithamangitsa. Zidzolo zikubwerabe, koma ululu wachepa moti ayambiranso kukujedani.

Adokotala anandiitanira pakhonde n'kunena kuti mankhwalawa amaziziritsa ululu, sachiza. Ananenanso zina zokhudza zotsatira za magazi, zimene sizikwana m'kalata. Amayi sakudziwa kuti ndakulemberani. Ngati tchuthi chanu chingafulumire, chifulumizeni. Bwerani akadali ndi mphamvu zokukalipirani.

Ndine mphwanu wolongolola uja.