Makaka pa matayilosi akuda

Lolemba, 2 Sepitembala 2024

Ama alowa m'nyumba yatsopano. Mphatso ya achimwene anga a Kenneth, thukuta la ku Joni. Kande yense wabwera kudzaona. Matayilosi akuda, makoma otuwa ngati phulusa lonyowa, mawindo a magalasi akuda, tebulo pabalaza lakudanso. Kudenga tibabu tabuluu tongophethira. Akuti ndi mmene amakhalira mabwana ku Sandton. Ine ndalowamo dzuwa lili paliwombo, ndachita kupapasa khoma kuti ndipeze chitseko cha kukhitchini.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Ama awomba tebulo ndi bondo. Dzulo anaphonya sitepe yotsikira pabalaza. Achimwene agamula kale kuti Ama achita khungu. Dokotala wamkulu ameneyo, digiri yake ya kuyala matayilosi. Akuti akangogwa kamodzi awatumiza ku Mzuzu kwa achemwali a Doreen, akakhale pampando. Ndachita mantha. Ama kuwachotsa pamunda wawo wa chinangwa n'kuwapha.

Ng'ala inayambadi, sindikukana. Koma wakhungu yemweyo m'mawa uno wandionera patali ndikupita ku loji kukayala mabedi: "Temwa, siketi yasosoka kumbuyo." Inalidi itasosoka.

Loweruka, 7 Sepitembala

Ndayesa kulankhula ndi achimwene. Ndati diso si tochi. Silitulutsa kuwala, limangolandira kuwala kumene chinthu chabweza. Choyera chimabweza kwambiri, chakuda chimameza. Magalasi atsekera dzuwa panja, kotsalako matayilosi adya, nanga Ama aone ndi chiyani? Tipake laimu, tichotse tibabuto.

Yankho: "Sayansi ya ku pulayimale usabwere nayo pano. Laimu ndi wa m'zimbudzi."

Ndanyamuka, ndabwerera kwanga. Ine ndine ndani, wogona m'chipinda cha lendi.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Ama sanafunse munthu nzeru. Atapa makaka, chinangwa chawo chouma chija cha kondowole, choyera mbee. Aika kachidutswa pangodya iliyonse ya tebulo, tina m'mphepete mwa sitepe, tina mzere mpaka kuchipinda. Tsopano akuyenda m'nyumbamo ngati mtsikana. Ndaseka mpaka misozi. Iwo akuti, "Usamuuze, angachite manyazi. Wavutika nayo nyumbayi."

Achimwenewo ali ku Mzuzu, akugula makatani. Mtundu wake sindinafunse, ndikuudziwa.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Achimwene abwera, Ama ali kumunda. Apeza makaka pansi. Akuti ndi mankhwala, ansanje atchera nyumba, n'chifukwa chake Ama sakuona. Ndaphwanya lonjezo, ndanena zoona zonse. Akuti ngati ndikuikira kumbuyo ndiye kuti otcherawo ndikuwadziwa.

Achimwene omwewo, mwana wa mkulu wa mpingo, wobatizidwa ku Bandawe, akatenga mneneri wa nsapato zosongoka. Mneneriyo walowa atavala magalasi adzuwa. M'nyumba imeneyo. Wawomba tebulo lomwe lija, wati chiwanda chamukankha. Makaka onse asesa, akawotcha kuseri. Fungo la chinangwa chopserera akuti ndi fungo la satana. Fungo lomwelo linawalera achimwenewo mpaka anamera ndevu.

Ama pobwera angoyang'ana phulusa, kenako andiyang'ana ine. Pamaso pa mlendo sakanamutsutsa mwana wawo. Apereka moni, alowa mopapasa.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Ama agwa pasitepe. Dzanja lamanja. Pulasitala mpaka m'chigongono.

Kuchipatala anawayezanso maso. Anati ng'alayo ndi yaing'ono, chachikulu m'nyumba muziwala. Tinalipo tonse awiri, koma achimwene anatolapo liwu limodzi lokha: ng'ala. A Doreen awaimbira kale.

Sindilemba zambiri. Ndakwiya.

Loweruka, 21 Sepitembala

Apita.

M'mawa anakhala pakhonde padzuwa, chikwama pambali. Mwadzidzidzi akuti, "Temwa, mbuzi ya a Jeremiah yalowa m'munda, kaipirikitse." Ine ndinachita kutchinga dzanja pamphumi kuti ndiione. Achimwene anali pomwepo, maso pa foni. Akadamva, bwenzi akuti ndi mphamvu ya mneneri.

Galimoto yobwereka, nayonso ya magalasi akuda. Msewu wake umadutsa pamunda penipeni. Chitseko chisanatsekedwe ndinamva Ama akuti, "Mwana wangu, unditsitsireko galasi, ndione chinangwa changa." Achimwene akuti mphepo yozizira ya m'galimotomo ituluka. Kenako, mwachifundo ndithu, "Muonanso chiyani, Ama?"

Chitseko phaa.

Ndinawerama pawindo kuti nditsanzike. Sindikudziwa ngati anandiyang'ana, ngati anakweza dzanja labwino lija, ngati ankalira. Pagalasipo ndinangoona nkhope yanga.