Kachipewa ka Ababa Kakudikira

Dokkum, 12 Novembala

Okondedwa achimwene a Tjeerd,

Ndiyankheni kaye ichi: munayamba mwawasambitsapo Ababa? Ngati simunatero, mphamvu zowauza pa foni kuti asiye chithandizo cha matenda awo a kukhumudwa munazitenga kuti? Chilankhulireni nanu Lamlungu lija, sanapondenso kuchipatala. Abwerera pampando wawo wa pawindo, kumangoyang'ana khola lopanda ng'ombe.

Mawu anu andibwerezera onse. Akuti munati, "Ababa, akukuyesani ng'ombe yokamidwa ndi makina. Zinakanika chaka chatha, zikanikanso. Ife a Hiemstra sitidandaula kwa alendo." Mwina ku Canada kumeneko zimamveka zanzeru.

Sukulu ndinaithawa, mukudziwa, koma momwe ndinadziphunzitsira kukonza njinga, izinso ndafunsa mpaka adokotala kutopa nane. Ndiye mverani. Chaka chatha anangoyeza mutu ndi tepi, n'kuika maginito pamalo pomwe amaikira wina aliyense. Akawafunsa kuti mukumva bwanji, Ababa ankati, "Bwinobwino." Mukugona? "Bwinobwino." Munthu wosadya, wosasamba. Ndi yankho lomwe lija anapereka pamaliro a Amayi, ndiponso tsiku limene lole inatenga ng'ombe zomaliza. Adokotala akanasintha chiyani pamenepo? Kusadandaula kwathu komwe mukunyadirako ndi kumene kunawonongetsa ntchito.

Ulendo uno anayamba ndi kuwajambula m'mutu, ndipo anapeza kuti malo oyenera iwowo ali pambali pang'ono. Mphamvu nayo anawayezera yawoyawo: amagogoda pamutu ndi maginitowo, kuwonjezera pang'onopang'ono mpaka chala chachikulu cha kudzanja chidumphe chokha. Kenako anawaveka kachipewa ka nsalu, namwino wawo Marrit n'kulembapo madontho ndi dzina lawo. Si magetsi okomola munthu aja mukuganiza. Amakhala ali maso, chinthucho chikungogogoda ngati wina akukhoma timisomali.

Changa cholakwa sindibisa. Loweruka lina ndinawameta mpala poti tsitsi linafika m'makutu. Lolemba kachipewa kanakhwepa, madontho onse n'kusuntha. Marrit anandiyang'ana n'kuti, "Mayi Wietske, inu zikonzani njinga, mutu uwu tisiyireni." Ndinamuyankha zoipa, mawa lake ndinakapepesa ndi keke. Anayezanso zonse. Tsitsi lokha likusokoneza muyeso, inu n'kumati ndi zomwezija za chaka chatha?

Tsopano imvani zimene simunazione. Lachinayi lapitali titabwera kuchipatala ndinawapangira khofi. Anamwa kamodzi, n'kuika kapu pansi.

"Wietske, khofi uyu wamutunga m'ngalande?"

"Mwati bwanji, Ababa?"

"Ndati ndi woipa. Amayi ako akanamwetsa nkhumba. Ndiye mutu uwu wandimeta ngati nkhosa."

"Kapangeni nokha, madala, ngati ndinu katswiri."

Anadzuka, achimwene. Anapita kukhitchini n'kudzipangira, uku akung'ung'udza kuti supuni ndimaziika posayenera. Ine ndinathawira mokonzera njinga, kukalira pakati pa matayala. Chiyambireni matenda a kukhumudwawa anali asanadandaulepo kanthu.

Mawa lake Marrit atafunsa funso lija loti mukumva bwanji, ndinadikira "bwinobwino." Koma Ababa anati, "Mwana wanga, usiku sindigona, ndipo kukamacha ndimalakalaka ndisadzuke." Marrit anaitana adokotala pomwepo, anakhala nawo pansi, nagwirizana zoti asinthe. Potuluka Ababa anandifunsa ngati mtengo wa mapeyala kuseri wadulidwa nthambi.

Kenako Lamlungu, inu.

Sindikunena kuti achira. Adokotala salonjeza, inenso sindikulonjeza. Koma chithandizochi sichifuna kudukiza, ndipo odikira mpando wa kuchipatalako ndi ambiri. Marrit wati awasungira malo mpaka sabata ino ithe, zikapitirira apatsa wina. Ndawanyengerera, ndawakalipira, ndawabisira nyuzipepala. Yankho lawo ndi limodzi: "Tjeerd ndi wophunzira, akudziwa." Ine wowachapira malaya samandimvera, amamvera inu. Zimandiwawa, koma ndi momwe zilili.

Kalatayi ndalemba pamanja n'kukutumizirani chithunzi chake chifukwa pa foni ndikanakutukwanani ana akumva.

Moni kwa mlamu wanga Ineke ndi ana, muwauze kuti masokosi afika. Ababa ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuzeni. Sanatembenuke n'komwe. Angoti, "Umuuze kuti kuno zonse zili bwinobwino."

Mwawamva? Amenewo ndi mawu amene mwawabwezera m'kamwa. Imbani lero, osati Lamlungu. Muwauze kuti munalakwitsa, muwauze kuti mwana wa a Hiemstra akupempha bambo ake kuti adandaule. Galimoto ndathira kale mafuta, ndipo mawa m'mawa ndikhala pakhomo ndi jekete lawo m'manja. Munawakhazika pampando ndinu, muwadzutse ndinu.

Ndine mlongo wanu, wokwiya koma wanu ndithu,

Wietske